Shotigani ya mpikisano wothamanga uku ukuwombera: anthu amasankha bwanji?

Kavidiyo kaja kakhala kakuzungulira pa WhatsApp ndi Facebook mwina nanunso mudakaona: munthu wavala magalasi ndi zotseka m'makutu, kawotchi kalira kuti piii, iye wayamba kuthamanga uku akugwetsa timbale tachitsulo, kenako watembenuza mfuti chagada, watapa makatiriji, zipolopolo za shotigani, anayi palamba n'kuwalowetsa kawiri kokha ngati akuponya makobidi m'thumba. M'gulu lathu lina anthu adakangana mpaka usiku, ena akuti ndi asilikali ali pa maphunziro, ena akuti vidiyoyo aifulumizitsa, wina n'kufunsa funso labwino kuposa onse, kuti kodi mfuti yake ndi yomwe ija amanyamula alonda a pa geti? Yankho ndi eya komanso ayi. Ndiye ndati ndifotokoze, chifukwa ndi masewera enieni okhala ndi malamulo ake, ndipo abale ena amene ali ku Joni ndi ku UK amawaona pafupi mpaka kufuna kuyesa.

Masewera ake ndi otani

Pachingerezi amati practical shooting, ndipo bungwe lalikulu loyendetsa masewerawa padziko lonse ndi IPSC, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1976 ku Columbia, m'chigawo cha Missouri ku America, mtsogoleri wake woyamba anali Jeff Cooper. Mfundo zawo ndi zitatu: kulasa pamalo pake, mphamvu ya chipolopolo, ndi liwiro. Adayamba ndi mapisito, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa si zachilendo ayi, mpikisano wawo wapadziko lonse wa 1977 udachitikira ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Wa shotigani wapadziko lonse udabwera mochedwa, woyamba mu 2012 ku Debrecen, Hungary, kenako Italy 2015, France 2018, ndi Pattaya ku Thailand mu 2023.

Musasokoneze ndi zija za ku Olympics zowombera timbale tadothi touluka. Kumene kuja munthu amaima pamalo pake ndi mfuti ya mipope iwiri, makatiriji awiri basi. Kuno bwalo amalikonza ngati kanjira kokhotakhota, pali makoma, mawindo, matageti ena obisika, ena oyenda, ena oletsedwa kuwalasa. Kanjira kamodzi amakatcha siteji, ndipo ukauzidwa malamulo ake umadzipangira wekha pulani: ndiyambira uku, ndiwonjezera makatiriji apa, ndithera uko.

Kawerengedwe ka mapointi ndi kamene kamafotokoza zonse zotsatira, ndiye tiyeni tikaone bwino. Amatenga mapointi ako n'kugawa ndi masekondi amene watenga. Kambale kachitsulo kakagwa nthawi zambiri ndi mapointi 5, ukakasiya chiimire akuchotsera 10. Tiyerekeze siteji ya timbale 16. Woyamba wagwetsa tonse, mapointi 80, m'masekondi 20, ndiye kuti wapeza 4.0. Wachiwiri wathamanga m'masekondi 16 koma wasiya kamodzi: 75 kuchotsa 10 ndi 65, kugawa ndi 16, wapeza 4.06. Wophonya uja wapambana! Mwaona kuti sekondi iliyonse ndi ndalama.

Tsopano apa ndiye pagona nkhani. Siteji yayifupi imafuna makatiriji osapitirira 8, yapakati 16, yayitali mpaka 28. Koma m'magulu amene anthu ambiri amasewera, umaloledwa kuyamba ndi makatiriji 9 okha m'mfuti. Ndiye pa siteji ya 28 uyenera kulowetsa ena 19 ndi dzanja, wotchi ikuyenda, ndipo apo ndiye kuti sunaphonye ngakhale kamodzi. Kuwomba kwenikweni kumatenga kanthawi kochepa, nthawi yambiri imathera pa kudyetsa mfuti. N'chifukwa chake osewera amanena mwanthabwala kuti uwu ndi mpikisano wolowetsa makatiriji umene nthawi zina mumawomberamonso. Mukamvetsa zimenezi, kasankhidwe ka mfuti kamayamba kumveka.

Musanafunse za mfuti, funsani za gulu

Monga nkhonya zili ndi magulu a kulemera, kunonso mfuti amazigawa kuti wa njinga ya kabaza asapikisane ndi wa njinga yamoto. Mu IPSC magulu a shotigani ndi anayi.

Standard Manual ndi la mfuti zimene umakoka wekha ndi dzanja kuti katiriji yotha ituluke ina ilowe, makamaka zija za pampu. Standard ndi la mfuti zodzikoka zokha, zimene amati semi-auto, kutanthauza kuti ukakoka kamodzi thiriga, kachitsulo kowombera kokoka ndi chala, imawomba kamodzi n'kudzikonzera yokha katiriji yotsatira. Magulu awiriwa makatiriji amakhala mu chubu cha pansi pa mpope, poyambira 9, palibe galasi loyang'anira, palibenso zida zochepetsa kudumpha kwa mpope. Modified ndi ya chubu yomweyo koma mwaloledwa kuisintha zambiri ndipo mumayamba ndi makatiriji mpaka 14. Open ndiye kwa a mabwana: magazini ochotseka ngati bokosi, kagalasi ka kadontho kofiira, zonse zilipo, kungoti mfuti isapitirire mamilimita 1320 kutalika, lamulo lomwe limagwiranso Modified. Mabuku a malamulo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye wogula amayenera kuwerenga latsopano, komanso ku America kuli mipikisano ina ya 3-Gun, yophatikiza pisito, raifo ndi shotigani, yokhala ndi magulu akeake.

Chimene chimapweteka anthu ambiri ndi kugula kaye kenako n'kumva malamulo. Wagula yokongola ya magazini ya bokosi chifukwa inali yotchipa, wafika pa renji, bwalo lowomberapo, akuuza kuti iwe ndi wa Open, ukapikisana ndi anthu amene mfuti zawo mtengo wake ndi wa galimoto.

Pampu, gasi, kapena ya sipuling'i

Ya pampu ndi imene ambiri tidaionapo. Chogwirira chakutsogolo umachikoka kumbuyo n'kuchikankhanso, chakaa-chakaa. Remington 870 yakhalapo kuyambira 1950, pali Mossberg 500 ndi 590, Winchester SXP, ndipo pa mipikisano ya IPSC mudzaona kwambiri Benelli Nova ndi SuperNova. Ubwino wake siisankha chakudya, katiriji yofooka kapena yamphamvu imadya zonse poti injini yake ndi mkono wanu, komanso ndi yotsika mtengo. Vuto lake ndi mkono womwewo. Mtima ukamagunda, munthu amakoka osafikitsa kumapeto, mfuti n'kutsamwa kapena kungoti kete opanda kanthu. Imamenyanso phewa kwambiri. Koma kumbukirani kuti mu Standard Manual aliyense ali ndi mavuto omwewo, ndiye si kuti mwadzilanga.

Zodzikoka zokha zili mitundu iwiri, ndipo mkangano wake sutha ngati wa Bullets ndi Wanderers.

Za gasi zimaba pang'ono mpweya wotentha wa onga kudzera m'timabowo ta mumpope, mpweyawo umakankha pisitoni, pisitoni n'kukankha chitsulo chotsekera katiriji, chimene amati bolt. Beretta 1301 Comp ndi Mossberg 940 JM Pro ndi zitsanzo zodziwika, JM imeneyo ndi dzina la katswiri wa ku America Jerry Miculek. Zimamenya phewa mofewa, zimalola makatiriji opepuka, koma mpweya wa onga umasiya mwaye ngati poto wa pa nkhuni, ndiye kutsuka pisitoni ndi ntchito ya nthawi zonse. Kutsogolo zimalemereranso pang'ono.

Zina zija amati inertia zilibe pisitoni. Mukudziwa mmene thupi limatsalira m'mbuyo minibasi ikadzambatuka mwadzidzidzi pa siteji? Ndi nzeru yomweyo. Mfuti ikawomba yonse imabwerera m'mbuyo, koma chitsulo cholemera cha mkati chimatsalira pomwe chinali kwa kanthawi kochepetsetsa, n'kufinya sipuling'i yolimba, sipuling'iyo pobwezera imakankha bolt kutsegula. Kampani ya Benelli ya ku Urbino, Italy, ndiyo idatchukitsa njira imeneyi, ndipo Benelli M2 yakhala ngati muyeso wa gulu la Standard kwa zaka zambiri. Pali Breda B12i, Franchi Affinity, ndi Stoeger M3K yopangidwa ku Turkey yomwe ndi yotsikirapo mtengo. Izi zimakhala zaukhondo, zopyapyala m'manja, zopepuka. Koma poti zimadalira kumenya komweko kuti zigwire ntchito, katiriji yofooka kwambiri ngati ya magalamu 24 ikhoza kulephera kuzizunguza, ndipo mukazipachika zolemera zambiri zimayamba matama. Zilinso ndi kachizolowezi kena: bolt ikapanda kutsekeka mpaka kumapeto, mwina mwaibweza pang'onopang'ono kapena yagunda pakhoma, mukakoka thiriga mumangomva kete. Osewera adachita kukapatsa dzina, amati Benelli click.

Za Open zambiri zidachokera ku Saiga-12 ndi Vepr-12 za ku Russia, zomwe kapangidwe kake ndi ka banja la Kalashnikov, ndipo masiku ano kwadzaza za ku Turkey monga Derya MK-12, Armsan RS-S1 ndi Typhoon F12. Uku vuto lolowetsa makatiriji limachepa poti umangosintha magazini, koma limasamukira kwina: makatiriji a shotigani ndi apulasitiki, akakhalitsa opanikizika m'magazini amaphwatalala, ndiye kutsamwa kumachuluka ngati magazini ndi makatiriji sizikugwirizana.

Pakamwa pa mfuti, pomwe pamapambanira anthu

Tembenuzani mfuti ya chubu chagada. Bowo mukuliona pansipo ndi polowetsera makatiriji, ndipo kwa ine ndi malo oyamba kuyang'ana, zisanabwere za mtundu kapena dzina.

Kale anthu ankalowetsa imodziimodzi ndi chala chachikulu. Kenako kudabwera kolowetsa ziwiri nthawi imodzi zitandondozana, kenako quad load imene mudaiona mu vidiyo ija: dzanja limatapa makatiriji anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo kwake m'mizere iwiri, kuchokera pa chonyamulira cha palamba chimene amati caddy, n'kutsetsereka nawo pabowo paja kawiri, fyuu fyuu, anayi alowa. Makatiriji 19 aja amene akadafuna maulendo 19 tsopano ndi kutapa kasanu.

Kuti zimenezi zitheke bowo liyenera kukhala lotakasuka, m'mbali mwake mosalala, ndipo pakhomo pa chubu pasakhale chitunda chogwira katiriji. Mfuti zopangira alenje bowo lake limakhala lakuya ndi lakuthwa m'mbali, ndiye ambiri amazipereka kwa mmisiri wa mfuti kuti apale ndi kusalaza. Ndanena kuti mmisiri wa mfuti, osati m'bale wanu wa galainda, chifukwa akapala mopitirira katiriji imayamba kuthawa m'chubu, ndipo pamfuti zina pafupi pomwepo pali nambala ya mfuti, imene kuikhudza ndi mlandu. Za mpikisano monga 1301 Comp Pro, M2 SP kapena 940 JM Pro zimabwera zitakulitsidwa kale kufakitale, ndipo mbali ina ya mtengo wake mukulipira zimenezo. SuperNova anthu amaikonda pa chifukwa chomwechi: idapangidwira makatiriji ataliatali a mamilimita 89, ndiye bowo lake ndi lalitali, ukamaika wamba a mamilimita 70 malo amachita kutsala.

Pali kachitsulo kena pabowopo konyamula katiriji kupita nayo kumpope, amati lifter. Pamfuti zambiri kumapeto kwake kuli ngati foloko. Tsiku lina pa renji ina ndidaona mnyamata akuyesa liwiro ndi mfuti yobwereka, chala chachikulu chidalowa pakati pa folokoyo ndi chubu, pochikoka chikhadabo chidatsala theka, magazi chuchuchu pa malaya, ndipo siteji adaimaliza akulowetsa imodziimodzi ndi chala cholozera uku nkhope itakwinyika. Anzake adangoti walumidwa, takulandira. N'chifukwa chake amawotcherera folokoyo kuti itsekeke kapena kugula lifter yosalala.

Chubu nacho amachitalikitsa. Lamulo la 9 limagwira poyambira pokha, kawotchi kakangolira mukhoza kuwonjezera mmene chubu chingalolere, ndiye ambiri amaika cholowa 12 kuti akatapa anayi kapena asanu ndi atatu apeze malo. Chubu chodzaza chimalemeretsa mfuti kutsogolo, ndipo chikatalika kwambiri kupitirira mpope chimagunda m'mawindo a siteji. Palinso kakang'ono kamene amamata pambali pa mfuti kosunga katiriji imodzi yokha, ya pangozi mukatsala ndi tageti imodzi mfuti itauma.

Geji, mpope ndi choki

Pafupifupi aliyense amagwiritsa 12 geji. Dzinali ndi lakale: mukatenga mtovu wolemera paundi imodzi n'kuumba mipira 12 yofanana, mpira umodzi umakwana ndendende mumpope, pafupifupi mamilimita 18.5. Ndiye nambala ikakula mpope umachepa, 20 geji ndi yaying'ono kuposa 12, ndipo ndiyo yochepetsetsa imene IPSC imalola. Ya 20 imathandiza a thupi laling'ono, koma ma caddy ake ndi makatiriji ake amavuta kupeza.

Makatiriji ali mitundu itatu ndipo mpikisano umodzi ukhoza kufuna yonse. Birdshot ndi timipira ting'onoting'ono ngati mapira, kawirikawiri topitirira 300 mu katiriji ya magalamu 28, ndiyo imagwiritsidwa kwambiri pa timbale tachitsulo ndi tadothi. Buckshot ndi mipira 8 kapena 9 yaikulu ngati nandolo. Slug ndi chipolopolo chimodzi chachikulu, cha matageti a pepala kapena akutali. Mfuti yabwino iyenera kudya zonsezi osadandaula, ndipo slug iyenera kugwera pomwe mukuloza, chifukwa mfuti zina zimaponya m'mwamba kapena pambali ndipo mu Standard mulibe galasi lokonzera zimenezo, mumangodalira kamkanda ka kumapeto kwa mpope ndi kena kothandizira pakati kapena kumbuyo.

Choki ndi kachitsulo kopotera kumapeto kwa mpope kofinya timipira potuluka. Ganizirani chala pa hosipaipi yothirira dimba: mukasiya pakamwa potseguka madzi amagwera pafupi, mukafinya amapita kutali ali pamodzi. Mayina ake kuyambira yotseguka ndi cylinder, improved cylinder, modified, mpaka full yofinya kwambiri. Yotseguka imakhululuka mukaloza mophonya pang'ono pafupi, koma patali timipira timafika tochepa, kambale kamangolira kuti ngwee osagwa, ndipo kambale kosagwa sikawerengedwa. Yofinya imagwetsa zakutali komanso imathandiza pamene okonza siteji aika tageti yoletsedwa pafupi penipeni ndi yoyenera kulasa, zomwe amachita dala. Ndiye musagule mfuti ya choki yosachotseka. Ndipo mukagula, tengani makatoni, muwaike pa mamita 10, 15, 20, 25, muwombe ndi choki iliyonse, muone ndi maso anu kukula kwa chibalaliko chake. Ntchito yotopetsa koma ndi imene imakuuzani kuti pa tageti yoletsedwa ija mulozere pambali motani.

Kutalika kwa mpope ambiri amakhala pa mainchesi 24 kapena 26, ena 28. Waufupi umatembenuka msanga m'makona, wautali umayenda mosadukiza komanso umafanana ndi chubu chachitali. Kusiyana kwake si kwakukulu monga amakokomezera pa intaneti.

Kodi ikukukwanani?

Pa shotigani diso lanu ndilo choyang'anira chakumbuyo. Tsaya likakhala pamtengo wa kuphewa, diso liyenera kugwera lokha pamzere wa mpope. Yesani chonchi ndi mfuti yopanda kanthu, m'shopu kapena pa renji: tsinzinani, ikwezeni paphewa, tsegulani maso. Ngati mukuona mpope wonse ngati msewu wokwera phiri, kapena kamkanda kabisika, kapena kali pambali, sikukukwanani. Zambiri zamakono zimabwera ndi timapuleti tosinthira kupendekeka kwa mtengowo, ndipo kutalika kwake kumadulidwa kapena kuwonjezeredwa. Osewera masewerawa amakonda wofupikirapo kusiyana ndi alenje chifukwa amaima chifuwa chitayang'ana kutsogolo komanso mfuti imachoka ndi kubwerera paphewa kambirimbiri. Amanzere aonenso komwe kuli batani la sefite, loletsa mfuti kuwomba, ndi mbali yotulukira makatiriji otha. Mabatani akuluakulu otsekera bolt ndi chokokera chachikulu zimathandiza manja akachita thukuta.

Za ndalama, mfuti ndi chiyambi chabe. Lamba ndi ma caddy okwana makatiriji 28 kapena kuposa, chubu, machoki, magalasi ndi zotseka m'makutu zomwe ndi lamulo, sefa yosungira, umembala wa kalabu, ndiye makatiriji amene amatha mazanamazana pa mwezi. Munthu wa Stoeger kapena pampu amene ndalama yotsala wagulira makatiriji ndi ma dummy, makatiriji abodza ophunzirira kulowetsa kunyumba, kawirikawiri amamusiya kumbuyo mnzake amene adathera zonse pa mfuti yodula. Funsaninso ngati zipangizo zake zimapezeka m'dziko mukukhalalo, chifukwa kasipuling'i kamodzi kakathyoka, kuitanitsa kunja chida cha mfuti si ngati kuitanitsa kava ya foni.

Malamulo a dziko ndi a pabwalo

Nthawi zina amene amakusankhirani mfuti ndi boma. Ku Britain, chiphaso wamba cha shotigani chimalola ya pampu kapena yodzikoka yolowa makatiriji atatu okha, awiri m'chubu imodzi mumpope. Yolowa ambiri imafuna chiphaso chachikulu chimene amati Section 1, mpope usachepere mainchesi 24 ndipo mfuti yonse isachepere mainchesi 40, ma slug nawonso amafuna chiphaso chomwecho. Kumeneko mapisito ambiri adaletsedwa mu 1997 pambuyo pa zoopsa za ku Dunblane, komwe munthu wina adawombera ana a sukulu mu 1996, n'chifukwa chake shotigani idatenga malo aakulu m'masewerawa, ndipo bungwe lawo ndi UKPSA. Ku South Africa kuli Firearms Control Act ya 2000: umayamba ndi satifiketi yosonyeza kuti ndiwe woyenera kugwira mfuti, ndipo osewera ambiri amatenga laisensi ngati odzipereka pa masewera kudzera m'bungwe lovomerezeka monga SAPSA. Kwathu ku Malawi nakonso mfuti yopanda laisensi ndi mlandu waukulu, ndipo laisensi ya dziko lina siikupatsani ufulu wodutsa nayo pa boda.

Pabwalo penipeni malamulo ndi ouma kuposa a polisi. Mpope ukangoloza kumbuyo kupitirira malire a siteji, kapena chala chikakhala pa thiriga pomwe mukulowetsa makatiriji kapena kuthamanga osaloza tageti, kapena mfuti ikawomba mwangozi, woyang'anira amakuwa kuti stop ndipo mpikisano wanu wathera pomwepo, kaya munachokera kutali bwanji. Izi zimakhudza kasankhidwe kanu mwachindunji, chifukwa quad load imafuna kutembenuza mfuti, kaya kuiika paphewa kapena kuipana m'khwapa, ndipo mfuti yolemera kapena yaitali kuposa mphamvu zanu ndi imene imapatuka mpope pa nthawi imeneyo. Makalabu ambiri amayamba akuphunzitsani za chitetezo musanaloledwe kupikisana, ndipo pa tsiku lotero anthu amabwereketsana mfuti mosavuta, mumagwira ya pampu, ya gasi, ya inertia, n'kumva nokha kuti phewa ndi chala chachikulu zikuti chiyani musanapite kukalemba mafomu a laisensi.